Nyenyezi imene ili pafupi kwambiri ndi ife simungaione ndi maso

Malaiti atapita kuno ku Chilenje usiku wina mu June, tinakhala panja kuwotha mbaula chifukwa kunali kozizira zedi, ndiye kamtsikana ka aneba anga ka giredi 7 kanaloza kumwamba nkundifunsa kuti "Aticha, nyenyezi ili pafupi maningi na ife ni iti?" Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa fizikisi, ndipo gawo lomwe limandidyera nthawi ndi la tinyenyezi ting'onoting'ono, choncho funsolo linandifika pamtima. Ndinamuonetsa kummwera komwe kuli Mtanda uja wa nyenyezi zinayi, ndi nyenyezi ziwiri zowala zomwe zimauloza. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri. Koma ndinamuuza kuti yapafupi penipeni, kupatula dzuwa lathu, ili chapambali pake pamdima pomwe sakuonapo kanthu.

Dzina lake ndi Proxima Centauri. Anaipeza Robert Innes mu 1915 ku Johannesburg, konkuno kummwera kwa Africa. Kuwala kwake kumatenga zaka 4 ndi miyezi itatu kuti kufike kuno, pomwe kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 chabe. Ndi neba wathu weniweni koma opanda telesikopu simungaione olo kumwamba kuyere bwanji, chifukwa ndi ya mtundu womwe timautcha red dwarf, kanyenyezi kofiira kopepuka, kulemera kwake kuli ngati gawo limodzi mwa magawo 8 a dzuwa. Ndipo chodabwitsa ndi ichi, pa nyenyezi zinayi zilizonse za mu Mlalang'amba pafupifupi zitatu ndi zamtundu umenewu, koma pa zonse zomwe munaziwerengapo ndi maso chibadwire palibe red dwarf olo imodzi. Zomwe timaona ndi zochepa zowala mopitirira, unyinji uli phee mumdima.

Mbaula ija inandithandiza kufotokoza. Nyenyezi imawala chifukwa kulemera kwake kumapanikiza pakati pake mpaka kutenthe madigiri mamiliyoni, pamenepo haidrojeni amaphatikizana nkusanduka hiliyamu, mphamvu nkumatuluka. Nyenyezi yaikulu ili ngati moto wa udzu, lawi lalikulu koma kanthawi kochepa wazima. Dzuwa lili pakatikati, lidzakhala zaka pafupifupi 10 biliyoni. Red dwarf ili ngati malasha a mtengo wolimba amene mwawakwirira ndi phulusa, amangonyeka pang'onopang'ono mpaka m'mawa mukupezabe moto. Zing'onozing'ono kwambiri zingathe kuyaka zaka matiriliyoni, pomwe chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni basi, kutanthauza kuti palibe red dwarf yomwe inafapo ndi ukalamba mpaka lero.

Nanga ikachepa kupitirira apo? Apa ndi pomwe ine pamandikoka. Mpira wa gasi ukapanda kufika kulemera kwa ma Jupiter (pulaneti yaikulu ija yozungulira dzuwa lathu) pafupifupi 75, pakati pake sipatentha mokwanira kuti haidrojeni agwire moto. Zili ngati mwakupiza mbaula, malasha afiira pang'ono, mwasiya, azima. Chinthu chimenecho ndiye brown dwarf. Si nyenyezi, komanso si pulaneti, chili pakati. Zolemera kupitirira ma Jupiter 13 zimawotcha kwa kanthawi haidrojeni wina wolemera wotchedwa deuterium, akatha basi, zimangozizira moyo wake wonse. Kukula kwake zimangofanana ndi Jupiter ngakhale zikumulemera maulendo makumi angapo, zinapanikizika zedi.

Shiv Kumar anawerengera kale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti zinthu zoterezi ziyenera kukhalapo, Jill Tarter nkuzipatsa dzinali mu 1975, koma anthu anasaka zaka zoposa 30 osapeza yotsimikizika. Zinadzapezeka mu 1995. Imodzi, Teide 1, ili mu kagulu kaja ka nyenyezi komwe makolo athu amati Nsangwe, kamene kamaoneka bwino madzulo nthawi ya mvula. Ina, Gliese 229B, kuwala kwake kunaonetsa gasi wa methane, amene sangakhale pa nyenyezi chifukwa kutentha kungamuphwanye, ndiye umboni unali poyera. Mu 2024 anapezanso kuti Gliese 229B si imodzi, ndi ziwiri zozungulirana masiku 12 aliwonse, zaka pafupifupi 30 tonse tikuiyesa imodzi. Palinso Luhman 16, ma brown dwarf awiri omwe kuwala kwake kumatenga zaka 6 ndi theka kufika kuno, pafupi chonchi koma anadziwika mu 2013.

Mwina mukuti nanga tizivutikiranji ndi tinthu tosaoneka. Chifukwa pa ma red dwarf aja ndi kumene mapulaneti ofanana ndi dziko lathu amapezeka mosavuta. Njira imodzi yowapezera ndi kuyeza kuwala kwa nyenyezi usiku ndi usiku, pulaneti ikadutsa kutsogolo kuwalako kumatsika pang'ono. Taganizani inswa ikudutsa pa getsi lalikulu la ku Heroes Stadium, simungazindikire kanthu, koma inswa yomweyo idutse pa kandulo mnyumba muona chithunzithunzi chake pakhoma. Dziko lathu likamadutsa pa dzuwa limachotsa kuwala kosakwana gawo limodzi pa 10,000, koma pulaneti yofanana nalo pa kanyenyezi kakang'ono imachotsa pafupifupi gawo limodzi pa 100. Ndikamaonetsa ana asukulu pa kompyuta mzere wa kuwala uja ukuyenda bwinobwino kenako nkutsika kadzenje kakang'ono nkubwereranso, kalasi yonse imakhala chete, chifukwa kadzenje kameneko ndi dziko lathunthu.

Ndi mmene anapezera mapulaneti 7 a TRAPPIST-1 omwe analengezedwa mu 2017, onse amiyala, akuzungulira kanyenyezi kokula pang'ono chabe kuposa Jupiter. Proxima nayo ili ndi yake, Proxima b, yomwe anaipeza mu 2016 ndi njira ina, poona mmene nyenyeziyo imagwedezekera pulaneti ikamaikoka. Chaka chake ndi masiku 11.

Koma apa ndikupempheni, mukaona pa Facebook kuti apeza dziko lachiwiri loti tikakhaleko, musathamangire kushera. Kuti mumve kutentha kwa mbaula yaing'ono mumayenera kuyandikira, ndipo woyandikira mbaula ndi amene zimamuthethekera. Tinyenyezi timeneti timaphulitsa malawi amphamvu pafupipafupi, Proxima imachita zimenezi kwambiri, ndipo malawiwo angathe kukokolola mpweya wonse wa pulaneti. Komanso pulaneti yoyandikira chonchi nthawi zambiri imayang'anitsa mbali imodzi yokha ku nyenyezi yake monga umachitira mwezi kwa ife, uku usana wosatha uku usiku wosatha. Telesikopu ya James Webb, yomwe inanyamuka pa 25 December 2021, itayeza TRAPPIST-1 b, imodzi mwa mapulaneti 7 aja, mu 2023 inapeza mbali ya usana ikutentha madigiri pafupifupi 230, zomwe zikuoneka ngati thanthwe lopanda mpweya wochuluka. Ndipo olo pulaneti ina itakhala pamtunda wabwino kuchokera ku nyenyezi yake, pomwe madzi sangaundane kapena kuuma, si kuti ili ndi madzi.

Kamtsikana kaja kanafunsanso ngati ife a ku Zambia tili nayo yathu. Ndinakauza kuti mu 2019 bungwe la International Astronomical Union linapatsa maiko mwayi wotcha maina, ndipo Zambia inapatsidwa nyenyezi ya HD 85390, yopepukirapo kuposa dzuwa, mu gulu la Vela kummwera komweko. Nyenyeziyo inatchedwa Natasha, pulaneti yake Madalitso. Kanaseka kwambiri chifukwa mlongo wake ndi Madalitso, kenako kanati ndikaonetse. Ndinaloza chakumanja kwa Mtanda uja, kotsikira kumadzulo pamwamba pa mtengo wa mango wa aneba, nkukauza kuti nayonso imafuna telesikopu, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka ndibweretsa yanga yaing'ono ija tikaisake.