Nkhani za mpira pantchito: yambani ndi funso

Lolemba m'mawa, msonkhano usanayambe, pamakhala mphindi zingapo zomwe anthu ambiri amasowa nazo chochita. Mwakhala moyandikana ndi munthu wa ku dipatimenti ina, dzina lake mukulidziwa, moni mwapatsana, kenako kuli zii, aliyense maso pa foni. Pa ntchito yanga yophunzitsa ogwira ntchito kulankhulana bwino, ambiri amandifunsa kuti pamenepo munthu anganene chiyani. Ndimawauza kuti ayese nkhani zamasewera, koma ndimafulumira kuwonjezera kuti nkhanizi zili ndi kayambidwe kake.

Macheza a mphindi ziwiriwa si kutaya nthawi ya abwana. Mu 1923 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Bronisław Malinowski, anafotokoza za kulankhula kwina komwe cholinga chake ndi kungolumikiza anthu, ngakhale mawuwo asanyamule uthenga uliwonse. Pofunsa mnzanu kuti wadzuka bwanji, simukuyembekezera lipoti la dokotala. Mukumuuza kuti mwamuona ndipo pakati panu pali mtendere. Patatha zaka 50, mu 1973, katswiri wina, Mark Granovetter, anaonetsa kuti nkhani zothandiza, monga za mwayi wa ntchito, kawirikawiri zimatipeza kudzera mwa anthu omwe timangodziwana nawo patalipatali. Muofesi timaziona tsiku ndi tsiku. Munthu amene munasekapo naye savuta kumuimbira foni tsiku lomwe fayilo yanu yaima pa desiki yake.

Nanga bwanji masewera? Nkhani ya nyengo imatha ndi ziganizo ziwiri. Ndale ndi chipembedzo zimasiya mabala. Za banja, za matenda ndi za malipiro si za munthu amene mwangodziwana naye dzana. Masewera amabwera ndi zatsopano sabata iliyonse, ndipo koposa zonse, amalola anthu kutsutsana popanda wina kutaya kanthu.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaiona yamtengo wapatali. Pantchito kutsutsa wamkulu kumafuna kulimba mtima, ndipo ambiri amameza maganizo awo mpaka kupuma pantchito. Koma tamverani mkangano wa VAR, makina othandiza oyimbira kuonanso zomwe zachitika m'bwalo. Chiyambireni kugwiritsidwa ntchito pa World Cup ya 2018 ku Russia ndi mu Premier League mu 2019, anthu sanagwirizanepo za iwo. Pa nkhani imeneyi dalaivala amatha kunena kuti, "Ayi bwana, pamenepo mwaphonya, ija sinali penote," bwanayo n'kuseka. Kwa mphindi zitatu maudindo aikidwa pambali. Awiriwa azindikira kuti angathe kusiyana maganizo n'kukhalabe bwinobwino, ndipo tsiku lina dalaivala uja akadzaona cholakwika pa ndondomeko ya maulendo, pakamwa sipadzalemera ngati kale.

Amene satsatira mpira asadandaule, chifukwa chofunika pano si kudziwa zambiri. Odziwa kwambiri ndi amene amakonda kuononga macheza, poti amasandutsa mnzawo omvera wailesi. Chida chanu ndi funso. "Munaonera dzulo?" ndi poyambira chabe, pakuti yankho lake ndi eya kapena ayi. Funso lomwe limatsegula munthu ndi ili: "Kodi timu imeneyi munayamba bwanji kuikonda?" Sindinaonepo wokonda mpira amene alibe yankho lalitali. Wina amakuuzani za bambo ake omwe ankamvera nawo mpira pa wailesi ali mwana. Wina amatchula usiku wa mu 2005 ku Istanbul, pomwe Liverpool inapita kopumulira itamwetsedwa zigoli 3 kwa duu ndi AC Milan, n'kubweza zonse ndi kutenga chikho cha Champions League pa mapenote. Mukamvetsera bwino muona kuti nkhani yachoka pa mpira, munthuyo akukuuzani komwe anachokera ndi zomwe amaziona zofunika. Pamenepo ndi pomwe timafuna kufika.

Ngati simutsatira ligi iliyonse, nenani poyera. "Ine mpira sindiudziwa bwino, koma ndamva kuti dzulo kunali moto, zinatha bwanji?" Wokonda mpira amasangalala kufotokozera munthu wofuna kumva. Kunamizira kudziwa ndiye kumaululika pofika chiganizo chachitatu, ndipo mnzanuyo amayamba kudzifunsa kuti mwina ndi zina zomwe mumanamizira. Palinso zochitika zina zomwe zinafika ngakhale kwa anthu osaonera masewera: Leicester City kutenga ligi ya England mu 2016 aliyense asakuyembekezera, Morocco kukhala dziko loyamba la mu Africa kufika mu semifainolo ya World Cup mu 2022, kapena Eliud Kipchoge wa ku Kenya kuthamanga makilomita 42 maola awiri asanakwane ku Vienna mu 2019. Ndipo mukamva kuti mnzanu amakonda timu yakuti, sungani m'mutu. Kumufunsa za timu yake patatha masabata awiri kumamuuza kuti munamvetseradi.

Tsopano za kuselewula, komwe ambiri amapsa nako. Mu 1976 katswiri wa za maganizo a anthu, Robert Cialdini, ndi anzake anachita kafukufuku pa mayunivesite 7 a ku America. Anapeza kuti timu ya sukulu ikapambana, Lolemba lotsatira ophunzira ambiri ankabwera atavala zovala za sukuluyo. Anapezanso kuti pofotokoza zotsatira, ophunzira ankakonda kunena kuti "tapambana" timu ikachita bwino, koma ikagonja mawu ankasintha n'kukhala "agonja". Apa tikuona kuti munthu amaitenga timu ngati chiwalo cha thupi lake. Ndiye mukakumana ndi amene amanena kuti "tagonja" chaka ndi chaka osaisiya timu yake, dziwani kuti kwa iye mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Munthu wotere mukhoza kuseka naye, koma pokhapokha mutazolowerana, ndiponso ngati inuyo mumalandira zomwezo timu yanu ikakunthidwa. Wamkulu pantchito asamale kwambiri, chifukwa wamng'ono akhoza kuseka nawo pamaso pomwe mumtima zamupweteka, poti alibe mphamvu yobwezera.

Pali malo ena osapondapo n'komwe. Mpikisano wa matimu a Celtic ndi Rangers ku Glasgow, m'dziko la Scotland, uli ndi mizu m'chipembedzo ndi ndale, choncho nthabwala ya mpira ikhoza kumveka ngati chipongwe kwa mtundu wa munthu. Ngozi ya ndege ya ku Munich mu 1958, yomwe inapha osewera 8 a Manchester United, ndi ngozi ya pa bwalo la Hillsborough mu 1989, yomwe inatenga miyoyo ya ochemerera 97 a Liverpool, ndi maliro, si zoseketsa. Zonyoza osewera chifukwa cha khungu lawo, monga zinachitikira osewera a England Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka ataphonya mapenote pa fainolo ya Euro, mpikisano wa maiko a ku Ulaya, mu 2021, zilibe malo pantchito ndipo m'makampani ambiri ndi mlandu. Za kubetcha nazonso ndimalangiza kuzisiya kunja kwa geti, chifukwa simudziwa amene akulimbana ndi ngongole za juga mwakachetechete.

Vuto lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi lina, ndipo silioneka msanga. Mu 2020 Ann Francke, mkulu wa bungwe la Chartered Management Institute ku Britain, ananena pa wailesi ya BBC kuti macheza a mpira muofesi amatha kusiya anthu ena kunja, makamaka amayi. Ambiri anamukwiyira. Ine sindingauze bwana aliyense kuti aletse nkhani zamasewera, koma chomwe mayiyu analoza ndachiona ndi maso anga. Ndinagwirapo ntchito pamalo pena pomwe mkulu wa nthambi ankayamba tsiku ndi anyamata anayi okonda timu imodzi ndi iye. M'kati mwa macheza omwewo ankagawiranamo ntchito zabwino ndi maulendo, ndipo ena onse ankangomva zitatha. Panalibe amene anakonza zosala anzake, komabe anthu anasalidwa. Ngati muli ndi udindo, chilichonse chokhudza ntchito chomwe chatuluka pa macheza a mpira chibwerezedwe pamaso pa onse chisanakhale chigamulo.

Musaganizirenso munthu potengera maonekedwe. Pali amayi omwe anaonera Spain ikugonjetsa England 1-0 pa fainolo ya World Cup ya amayi ku Sydney mu 2023 ndipo angakufotokozereni chigolicho mwatsatanetsatane, pomwe pali abambo omwe sanakhalepo pansi kuonera mphindi 90. Mayi akanena kuti amakonda timu inayake, musamuyese mayeso oti atchule osewera 11, pakuti simungachite zimenezo kwa mwamuna. Komanso masewera si mpira wamiyendo wokha. Wina amasewera mpira wamanja, wina amatsatira nkhonya, wina amathamanga m'bandakucha asanabwere kuntchito, wina amathera Loweruka pambali pa bwalo kuonerera mwana wake.

Mnzanu akayankha kuti, "Ine zamasewera ayi," musakakamire ndiponso musatembenukire kwa wina ngati kuti iye wachoka. Mufunseni kuti, "Nanga inu Loweruka mumakonda kutani?" ndipo mumvetsere yankho lake monga momwe mukanamvetsera za chigoli. Wapampando akangotsegula msonkhano, nkhani iime pomwepo ngakhale ili pakati, mudzaipitiriza Lolemba linalo.