Opaleshoni yochepetsa thupi ndi nyamakazi ya m'mawondo: zomwe mwakhala mukutifunsa

Chizungulireni uthenga wa pa WhatsApp uja, woti "akangodula chifu mawondo amachira", Loweruka lililonse mzere wa pa desiki yathu ya zaumoyo ukumafika panja. Ife si chipatala, ndipo sitilemba mayina a anthu ofuna opaleshoni. Tayankha pano kuti musamataye ya taxi kuchokera ku Cosmo City kapena ku Turffontein, madera a mu Johannesburg kuno ku South Africa.

Opaleshoni yake ndi yotani?

Amachepetsa chifu. Pa sleeve amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Pa bypass amasiya kathumba kakang'ono n'kukalumikiza ku matumbo.

Ndiye mawondo amachiradi?

Kwa ambiri ululu umachepa. Munthu akataya kilogalamu imodzi, bondo limapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi 4 nthawi iliyonse akaponda pansi. Amayi amene mumagwira ntchito za m'nyumba, kukwera masitepe mutasenza dengu la zochapa, mungamve nokha kusiyana kwake. Koma chichereŵechereŵe chimene chinaperepeseka kale sichimeranso. Pa kafukufuku wa ku Melbourne, Australia, amene anatuluka mu 2022, anthu 41 odikira bondo lachitsulo anasankhidwa kuti ayambe aikidwa lamba pachifu, womwe ndi mtundu wina wa opaleshoni yochepetsa thupi, ndipo 12 anadzakana okha opaleshoni ya bondo poona kuti akupeza bwino. Anthu 12, osati onse 41.

Woyenera ndi ndani?

Madokotala amayang'ana BMI, ndiye kuti kulemera kwanu poyerekeza ndi kutalika kwanu. Muyeso wakale, wa mu 1991, unali BMI ya 40, kapena 35 kwa amene ali ndi matenda ena obwera ndi kunenepa. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anautsitsa kufika pa 35, ndiponso 30 kwa odwala matenda ngati a shuga. Olipira ena angakhale akugwirabe wakale uja. Ndipo nambala payokha siikwanira: mudzaonedwanso ndi katswiri wa zakudya ndi wa zamaganizo.

Alipira ndani?

Apa ndi pamene ambiri mumachoka mutakwiya nafe. Mwa lamulo la Medical Schemes Act la 1998, pali matenda amene medical aid (inshulansi ya zaumoyo) iliyonse imakakamizidwa kulipira, otchedwa PMB. Opaleshoni yochepetsa thupi kawirikawiri siikhala m'gulu limenelo. Ena amalipira pa mapulani okwera mtengo okha, ndipo ngakhale pamenepo mungauzidwe kuti muwonjezere zanu. Ngati mwangolowa kumene muli kale ndi vutoli, akhoza kukudikiritsani miyezi 12. Musagone m'chipatala musanalandire chilolezo chawo cholembedwa. Mawu a pa foni sakuthandizani tsiku la bilu. Akakukanani ndipo mukuona kuti akulakwirani, dandaulo limapita ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, osati kwa ife.

Za boma zimayambira ku kiliniki ya kwanuko, kumene amakupatsani kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Za kutalika kwa mzere, kapena ndalama zimene angakulipiritseni malinga ndi mapepala anu okhalira m'dziko muno, sitilonjeza kanthu.

Koma munthu wa ku ofesi kwanu ananena kuti ndi yaulere?

Inde, mmodzi mwa otithandiza analankhula mopyola zimene amayenera kunena. Takambirana naye, ndipo tapepesa kwa amene anavutika ulendo.

Nanga ndikachira, bondo likawawa ndimwe chiyani?

Funso ili simutifunsa, koma tikuliyankhabe. Mukachitidwa opaleshoniyi, makamaka bypass, Brufen, Voltaren ndi Grand-Pa (mu Grand-Pa muli aspirin) angathe kuyambitsa zilonda polumikizira chifu ndi matumbo. Tikudziwa kuti ambirife Grand-Pa sasowa m'chikwama. Panado ndi amene nthawi zambiri amaloledwa, komabe funsani dokotala wanu. Mavitamini ndi michere ina, monga B12, iron ndi calcium, mudzamwa moyo wanu wonse, ndipo nthawi zambiri mudzagula ndi ndalama zanu, ngakhale mutabwerera ku Mzimba kapena ku Mangochi.