Kreepy wanu sanafe, madzi ndi amene sakumukwana

Mafoni ambiri amene ndimalandira okhudza makina otsuka dziwe losambiramo amayamba mofanana: "Amisiri, Kreepy uja wafa. Watsopano ali pa zingati?" Ena amachita kundiuziratu matenda ake, ati mota yapsa. Mota yake iti? Makina amene amakwawa pansi pa maiwe ambiri muno mu Blantyre, kaya ndi ku Namiwawa, ku Sunnyside, ku Nyambadwe kapena m'malo ogona alendo, alibe mota, alibe waya, alibe batire. Ndatopa nako kubwereza zimenezi pafoni.

Amene anapanga Kreepy Krauly ndi Ferdinand Chauvier, injiniya wa zamadzi yemwe anachoka ku Congo n'kukakhazikika ku South Africa, ndipo makina oyamba anatuluka m'tauni ya Springs mu 1974. Baracuda wa kampani ya Zodiac, amene ambirinso muli naye, amayendera nzeru yomweyo. Mphamvu yonse imachokera ku pampu ya dziwe. Pampu imakoka madzi kudzera pa weir, kabokosi kaja ka m'mphepete mwa dziwe, ndipo paipi ya makinawo imalumikizidwa pamenepo. Mkati mwa Kreepy muli kanyundo ka pulasitiki kamene kamagwa uku n'kugwa uku, kutseka njira imodzi ya madzi n'kutsegula inzake. Mwa Baracuda mulibe nyundo, muli diaphragm, kapaipi kofewa ka labala kamene kamafinyika n'kutseguka. Madzi akamayenda modukizadukiza chonchi, makinawo amanjanja n'kumasuntha pang'onopang'ono. Kugogoda kuja mumamva ndi komweko. Madzi akachepa mphamvu kugogoda kumafooka, kenako zii. Makina ali bwinobwino, kungoti palibe chowakankha.

Choncho musanamuvuule n'kuyamba kumumasula ndi sikuludiraiva, pitani kaye kukanyumba ka pampu.

Za timadengu sinditayapo nthawi. Aliyense wokhala ndi dziwe amadziwa kuti pali kena pa weir, kena kutsogolo kwa pampu, ndipo timafuna kukhuthula. Chimene anthu amaiwala ndi nyengo. Mu Okutobala jakaranda akamayoyola maluwa, kadengu kamene kamatha sabata kamadzaza tsiku limodzi, ndipo maluwawo akanyowa amamatirira n'kutseka timabowo tonse. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimathamangira getsi la m'dziwe, m'mawa mwake m'kadengu muli mapiko okhaokha. Nthawi ngati zimenezo khuthulani tsiku ndi tsiku.

Chimene ndimalakalaka mutaphunzira ndi geji ya pa fyuluta ya mchenga, kawotchi koonetsa mphamvu imene madzi akukankha nayo mu fyuluta, chimgolo chosefa madzi a dziwe. M'nyumba zambiri ndimaipeza inafa kalekale, muvi uli phee pa ziro, galasi litachita nthunzi, palibe amene zikumukhudza. Pamene geji ndi chimodzi mwa zinthu zotchipa kwambiri m'kanyumbamo. Tsiku limene fyuluta yatsukidwa bwino, onani pamene muvi waima, mulembe nambalayo pakhoma ndi choko. Muvi ukakwera ndi 50 mpaka 70 kPa kuposa pamenepo, mchenga wadzaza litsiro, ukufuna backwash, kutanthauza kuutsuka poyendetsa madzi chobwerera kuti litsiro litulukire kungalande. Ukatsika kuposa masiku onse, vuto lili mbali inayo: madzi sakufika ku pampu, mwina kwatsekeka penapake pakati pa makina ndi pampu, mwina mukulowa mpweya. Kukwera kapena kutsika kwa muvi kokhako kumandiuza koyambira ndisanagwire n'sipanala yomwe.

Pochita backwash chotsani kaye paipi ya makina pa weir. Thimitsani pampu, tembenuzani chogwirira cha valavu ya pa fyuluta chiloze pamene palembedwa backwash, yatsani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi a m'kagalasi ka pambali ayere. Thimitsani, ikani pa rinse kwa masekondi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Thimitsaninso, bwezerani pa filter. Kutembenuza chogwirira pampu ikulira kumang'amba labala ya mkati mwa valavu, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi anu amathawira kungalande mwakachetechete, inu n'kumaganiza kuti dziwe lang'aluka. Ndikudziwa chimene ambiri mumazengerezera. Madzi a mumzinda muno ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, amachita kupopedwa kukwera mtunda wonsewu, ndipo bilu yake imaluma. Komatu amene mumasunga pokana backwash ndi ochepa poyerekeza ndi amene mudzataye dziwe likadzabiriwira ndi ndere.

Mdani wamkulu ndi mpweya. Amene anayesapo kumwa chakumwa cha m'botolo ndi kapaipi kobowoka akudziwa mmene zimakhalira: umayamwa mpaka masaya kuwawa, chimene chikubwera ndi thovu. Pampu nayonso ndi chimodzimodzi. Suzumirani pa chivindikiro chake choonekera mkati chija. Pampu ikamayenda bwino mumaona madzi odzaza thothotho. Mukaona thovu likuvinavina pansi pa chivindikiro, kapena likutuluka pa jeti yobwezera madzi m'dziwe, dziwani kuti penapake pakuyamwa mpweya.

Koyamba kukayikira ndi kuchuluka kwa madzi. Ayenera kufika pakati pa khomo la weir. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limaphwetsa madzi msanga, mipopi n'kukhalanso youma masiku angapo, weir n'kuyamba kumeza mpweya. Kachiwiri ndi O-ring, labala yozungulira ya pansi pa chivindikiro cha pampu. Ikakalamba imaphwatalala ndi kuchita ming'alu. Ipakeni girisi wa silicone. Vaseline ndi girisi wa galimoto amaiwononga, ngakhale wina akuuzeni kuti iye wakhala akutero kuyambira kale. Kachitatu ndi paipi ya makinawo. Imabwera m'zidutswa za pafupifupi mita imodzi, ndipo imakonda kung'aluka pafupi ndi molumikizira. Pampu ikuyenda, tukulani chidutswa chimodzichimodzi pamwamba pa madzi n'kutchera khutu. Chong'aluka chimalira kuti tsii, ndipo kugogoda kumafookeratu nthawi yomweyo.

Mukatsimikiza kuti madzi akuyenda mwamphamvu, apo ndiye mugwire makinawo. Thimitsani pampu, muwatembenuze, musuzumire kukhosi. Kawirikawiri mumapezamo kamwala, kamtengo, kabango kakang'ono kothothoka kasanakhwime, nthawi ya dzinja ngakhale chule. Chotsani ndi zala kapena kukankha ndi madzi a m'paipi. Waya ndi mpeni ayi, makamaka mwa Baracuda, chifukwa diaphragm ikangobowoka pang'ono basi yatha. Isololeni, muitambasule moyang'ana kudzuwa. Ngati kuwala kukudutsa pena pake, kapena milomo yake yakhala yasa osabwererana, gulani ina. Chimenechi ndi chipangizo chimene chinapangidwa kuti chizitha n'kumasinthidwa, si chifukwa chogulira makina atsopano.

Makina amene akugogoda bwino koma akungozungulira malo amodzi, vuto lake ndi paipi. Anthu akafuna kusambira amaivuula n'kuikulunga, n'kuisiya padzuwa. Pulasitiki ikatenthedwa ili chokulunga imazolowera kupindika komweko. Imasuleni zidutswa, muziyale mowongoka padzuwa tsiku lonse, zizizirire pomwepo. Kutalika kwake kufike pangodya yakutali kwambiri ndi weir n'kutsalako chidutswa chimodzi. Jeti yobwezera madzi iloze pansi, isamakankhe paipi. Ngati sakukwera khoma, onani labala ya kuphazi ndi chisiketi chake, chilabala chozungulira kunsi kwa makina; zikaperepeseka sizigwiranso.

Pali nyumba ina, sinditchula dera, imene nkhani yake imandivutabe mumtima. Baracuda wawo anaima. Bambo amene ankasamalira pabwalo ndi dziwe, munthu wachikulire ndithu, anauza abwana ake kuti, "Bwana, pampu ikuchita thovu, mwina tiitane amisiri aone chivindikirochi." Abwanawo anayankha kuti, "Inu mwathyola makina, musanamizire pampu." Mtengo wa makina atsopano anayamba kuudula kumalipiro awo mwezi ndi mwezi. Kenako kunabwera mmisiri wina wa mgwiragwira, wodziwa zonse: mipopi, mafiriji, magetsi, maiwe. Anawagulitsa makina ena. Nawonso anangogogoda pang'ono n'kuima. Ndiye anati pampu ndi yaing'ono, koma poti ndalama ya pampu ina panalibe, anasiya yomweyo izilimbana. Magetsi akazima, madzi a m'paipi ankabwerera m'dziwe chifukwa cha mpweya uja, ndipo akayakanso usiku pampu inkalira yopanda madzi mpaka m'mawa. Seal, chotchingira madzi cha pakati pa pampu ndi mota, imadalira madzi kuti isatenthe, ndiye inapsa, madzi n'kuyamba kudonthera kumota. Earth leakage, swichi yoteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi, inayamba kugwetsa magetsi pafupipafupi, monga mmene iyenera kuchitira. Mmisiri uja anangoilambalala ndi kawaya.

Pamene ndinkafika, pansi m'kanyumba ka pampu panali ponyowa, mota itachita dzimbiri kunsi, ndipo ana a m'nyumbamo anali atasambira dzulo lake. Ndinathimitsa magetsi ku bokosi lalikulu ndisanakhudze chilichonse. Nditatsegula chivindikiro, O-ring inatuluka yophwatalala, youma gwa, ndipo nditaipinda inathyoka m'manja mwanga. Matenda onse anayambira pamenepo, pa kalabala kamene mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa chidutswa chimodzi cha paipi. Baracuda wakale uja tinamupeza kuseri kwa galaja, tinamulumikiza, anayenda. Nditafunsa za bambo aja, anandiuza kuti anawachotsa ntchito miyezi ingapo m'mbuyomo. Munthu yekhayo pakhomopo amene anaona vuto lenileni ndi amene analipira makina osawonongeka, n'kuchotsedwanso. Ndinawauza abwanawo maso ndi maso kuti amene uja ananena zoona. Anangoti, "Aa, zinachitika basi."

Inu amene muli ndi antchito osamalira dziwe, munthu amene amatsegula kanyumba ka pampu m'mawa uliwonse amadziwa kulira kwake kuposa inu. Akakuuzani kuti yasintha mawu, mverani. Ndipo wina aliyense, kaya wavala ovolosi yokongola bwanji, akanena kuti earth leakage "ikuvutitsa" ndiye aichotse, mutulutseni pageti. Kachipangizo kameneko kamagwetsa magetsi kakangomva kuti 30 mA yathawira kumene siyenera kupita. Magetsi athu ndi a 230 V, ndipo munthu wonyowa, wopanda nsapato, alibe chomuteteza china. Ikagwa, ndiye kuti pali chifukwa, ndipo wofunika ndi wamagetsi wodziwa ntchito yake, dziwe litatsekedwa kaye.

Amisiri a mgwiragwirawa ali ndi zizolowezi zinanso. Amathira mchenga wa kumtsinje mu fyuluta, pamene imafuna mchenga wa silica wosefedwa pa saizi yake, umene umasinthidwa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu. Wa kumtsinje umabwerera m'dziwe, makina n'kumaumeza, n'kumaperepesa kanyundo ndi labala. Amamanga paipi yong'aluka ndi malegeni kapena tepi ya magetsi, sabata yomweyo mpweya wayambanso. Amaponya klorini mu weir kuti "ifike msanga", pamene klorini wambiri chonchi amadya labala ndi zamkati mwa pampu. Ndipo choopsa zedi, amasakaniza klorini wa ufa ndi asidi, kapena wa ufa ndi wa mapiritsi, m'chidebe chimodzi. Zimenezi zimatulutsa mpweya wapoizoni ndipo zikhoza kuyaka kapena kuphulika. Chilichonse chithiridwe pachokha, panthawi yake, makina atavuulidwa, ndipo pH, muyeso wa asidi wa m'madzi, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6.

Kuzengereza nakonso kumadula. Makina akaima Lolemba inu n'kunena kuti tiona kumapeto kwa mwezi, nyengo yotentha dziwe limabiriwira masiku ochepa chabe, makamaka magetsi akamazimazima. Pajatu taimala ya mtundu wa wotchi, yoyatsa ndi kuthimitsa pampu, imatsalira ndi maola onse amene magetsi anazima, ndiye muziikonza akayaka. Dziwe likabiriwira musaponyemo makina kuti akatsuke ndere. Sapha ndere, amangoitumiza mu fyuluta, fyuluta n'kutsekeka, iwo n'kuimanso. Pamafunika mankhwala kaye, ndere ife n'kukhazikika pansi, kenako muikoke ndi vacuum ya pamanja valavu ili pa waste, kuti madzi apite kungalande osadutsa mu fyuluta. Ana akamasambira makina azikhala kunja, ndipo asamaseweretse dzanja pakamwa pa weir kapena pa paipi pampu ikuyenda.

Nthawi yogula atsopano imafika ndithu. Thupi la makina likachita mbuu ndi dzuwa, pulasitiki n'kumanyenyeka mukaikanda ndi chikhadabo, kapena likang'aluka pamene pamakhala kanyundo, kusintha zipangizo n'kutaya ndalama. Pogula funsani kaye ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka muno mu Blantyre, chifukwa zambiri zimachokera ku South Africa ndipo zikasowa mumadikira. Gulanitu diaphragm kapena kanyundo kapadera ndi O-ring imodzi, muzisunge m'nyumba pamthunzi, kutali ndi chidebe cha klorini.