Pa webusaiti ya Chipolishi, mneni amaulula ngati ndinu mwamuna kapena mkazi

M'Chichewa "waiwala" ndi "waiwala" basi, kaya woiwalayo ndi bambo kapena mayi. Chipolishi, chilankhulo cha ku Poland, sichitero. Mneni wonena zomwe zachitika kale amasintha malinga ndi kuti wochitayo ndi mwamuna kapena mkazi. Pofunsa mwamuna ngati waiwala mawu achinsinsi olowera pa webusaiti amati "Zapomniałeś hasła?", pomwe kwa mkazi amati "Zapomniałaś hasła?" Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, koma webusaiti sidziwa kuti wakhala pa kompyutapo ndani.

Omasulira ena amangolemba mawu a mwamuna ponseponse, ngati kuti amayi a ku Poland sagula zinthu pa intaneti. Ena amaphatikiza zonse ziwiri ndi kamzere, "zapomniałeś/aś". Zimenezi zimamveka ndithu, koma zimatopetsa maso, ndipo pa foni malo amachepa.

Womasulira waluso amazemba vutoli pomanga chiganizo mwa njira ina. Mneni wonena za nthawi ino sasankha mwamuna kapena mkazi, choncho amalemba "Nie pamiętasz hasła?", kutanthauza kuti kodi sukukumbukira mawu achinsinsi. Palinso aneni othera ndi -no kapena -to omwe satchula wochita: "Zapisano" ndiye kuti zasungidwa, "Wysłano" kuti zatumizidwa. Funso lija lotsimikizira musanafufute chinthu, m'malo mwa "pewien" wa mwamuna kapena "pewna" wa mkazi, mawu otanthauza wotsimikiza, limangokhala "Czy na pewno?" Mabanki ndi maofesi ofuna ulemu amapewa kusankha pakati pa Pan (bambo) ndi Pani (mayi) polemba "Państwo", mawu ophatikiza abambo ndi amayi.

Pomwe pamavuta kwenikweni ndi pamene wolemba pulogalamu wadula chiganizo pakati n'kusiya mpata woti kompyuta iziikapo dzina la chinthu. Apa ife sitifunika kufotokozeredwa zambiri, chifukwa timati buku lafufutidwa, chithunzi chafufutidwa, uthenga wafufutidwa. Munthu atakupatsani "fufutidwa" yekha kuti mumasulire, osakuuzani chofufutidwacho, mungayambe ndi la, cha kapena wa? Chipolishinso chimodzimodzi: "plik usunięty", "wiadomość usunięta", "konto usunięte". Fayilo (plik), uthenga (wiadomość) ndi akaunti (konto) zili m'magulu atatu osiyana, lachimuna, lachikazi ndi lapakati. Onjezani kuti dzina la Chipolishi limasintha mathero ake m'njira 7 malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, muona kuti mpata woterewu ndi msampha. Ine ndimaona kuti womasulira ali ndi ufulu wokana zidutswa zotere n'kupempha chiganizo chathunthu cha chinthu chilichonse, ngakhale ntchito ichuluke.

Nanga uthenga woti wakutiwakuti waika chithunzi? Mwamuna "dodał", mkazi "dodała". Ngati mwini akaunti ananena yekha polembetsa kuti ndi mwamuna kapena mkazi, njira yolembera yotchedwa ICU MessageFormat imalola kusunga ziganizo zingapo, kompyuta n'kumasankha choyenera. Pazikhala nthawi zonse chiganizo chachitatu cha amene sananene, monga "Nowe zdjęcie", chithunzi chatsopano, dzina lake n'kubwera pambali.

Koma musalole kompyuta kulota kuchokera pa dzina. N'zoona kuti maina ambiri a akazi ku Poland amathera ndi a, monga Anna ndi Katarzyna, koma Kuba ndi dzina la mwamuna, ndipo ena olembetsa pa webusaitiyo amakhala alendo ochokera kumaiko ena.