Amalume anafa "of malaria" kapena "with malaria"?

Pa zolemba za ophunzira a Fomu 4 zimene timachonga pokonzekera mayeso a MSCE, chiganizo ichi sichisowa: "My uncle died with malaria." Gwero lake ndi lodziwika. Kwathu timati amalume anamwalira ndi malungo, ndiye mwana amangotenga "ndi" uja n'kuikapo "with". Koma mwini Chingerezi akawerenga, amamva kuti amalumewo anali ndi malungo m'thupi pa nthawi yomwalira, osati kuti malungowo ndiwo anawapha.

Matenda kapena njala zikapha munthu, mawu ake ndi "of": died of malaria, died of cholera, died of hunger. Nkhaniyi si yamasewera. Nthawi ya Covid-19 ku Britain anthu anakangana kwambiri pa ziwerengero za omwalira, kufuna kudziwa kuti ndi angati anafa "of Covid" ndipo ndi angati anafa "with Covid", awo amene anapezeka ndi kachilomboko koma imfa n'kudzera pena. Munthu akafa ndi mabala a pangozi, ambiri amakonda "from": died from his injuries. Eni ake omwe amasinthanitsa "of" ndi "from", choncho apa musataye tulo.

"With" ali ndi malo ake. Kuzizira kapena mantha zikamaonekera pathupi, munthu osafuna, ndi iyeyo: shivering with cold, trembling with fear. Koma zamumtima zikamukankha munthu kuchita chinthu akudziwa, pamabwera "out of". Mayi amene wapatsa mnansi wake ufa chifukwa chomumvera chisoni wachita zimenezo out of pity, ndipo wowononga munda wa mnzake chifukwa cha kaduka wachita out of jealousy. Pomanga, polanga, poyamikira, ndi "for": arrested for stealing goats, praised for her honesty.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ana amasokoneza "because" ndi "because of" pamene Chichewa chathu chili ndi kusiyana komweku. Timati chifukwa mvula inagwa, kapena chifukwa cha mvula. Palibe amene anganene kuti chifukwa cha mvula inagwa. Chimodzimodzi: because it rained, because of the rain. Pamene pali "cha", ikani "of".

"Due to" ndi wokondedwa wa olemba makalata a kuofesi. Aphunzitsi akale ankafuna kuti abwere pambuyo pa "is" kapena "was", monga the delay was due to rain, ndipo poyamba chiganizo azikhala "owing to". Masiku ano lamulolo lafooka, koma pa kalata yofunsira ntchito ine ndimalitsatabe.

Chenjerani ndi "thanks to", chifukwa amayenda ndi zabwino. Mukalembera bwana kuti thanks to the floods we lost our maize, iye aganiza kuti mukunena mwachipongwe.