Imelo ya membala watsopano musaikhulupirire musanaiyese

Munthu akamalembetsa pa webusaiti yanu n'kulemba adiresi ya imelo, chimene mwadziwa n'chakuti walemba zinazake m'kabokosi, basi. Mwina adiresiyo ndi yakedi, mwina chala chaterereka pa foni n'kulemba gmial.com m'malo mwa gmail.com, mwinanso ndi ya munthu wina amene sakudziwa n'komwe. Vuto limadzaonekera tsiku limene membalayo waiwala pasiwedi, chifukwa uthenga wopangira ina umapita kwa mwini bokosilo, ndipo akaunti imatengedwa ndi iyeyo.

Okonza mawebusaiti ambiri amataya nthawi pofufuza kalembedwe ka adiresi. Pamenepo musachedwepo. Onani kuti muli @, kuti kumanja kwake kuli dzina la domeni, monga gmail.com, ndiponso kuti zilembo zonse sizikupitirira 254. Mukakhwimitsa kwambiri mumakaniza anthu abwinobwino, monga amene adiresi yawo ili ndi +, yomwe Gmail imalola. Ndipo ngakhale kalembedwe kakhale kolondola chotani, sikakuuzani kuti bokosilo ndi la yani. Umboni ndi umodzi wokha: mutumize chinthu ku bokosilo, munthuyo achibweze kwa inu.

Chinthucho chingakhale linki kapena nambala. Ngati ndi linki, ikhale ndi token (mndandanda wachinsinsi wa zilembo ndi manambala) ya mabayiti 32 ochokera ku pulogalamu yopangira manambala achitetezo, osati opangidwa kuchokera ku dzina la munthu kapena nthawi imene walembetsa, poti zoterozo mbava imatha kuziyerekeza. Mu database, momwe webusaiti imasungira zinthu zake, musasungemo token yeniyeniyo koma hash yake ya SHA-256 (chidindo chochokera ku token, chimene sungachibweze n'kupeza token ija), kuti wina akaba zimene mwasunga asapeze malinki ogwira ntchito. Linkiyo igwire ntchito kamodzi kokha, ndipo ife pakatha maola 24.

Apa pali msampha umene umagwira ngakhale akadaulo. Mabungwe ena ali ndi mapulogalamu achitetezo amene amatsegula linki iliyonse ya mu imelo mwini wake asanaione, pofuna kuona ngati ili yoopsa. Ngati webusaiti yanu imatsimikizira akaunti linki ikangotsegulidwa, pulogalamuyo ndi imene imadya token, munthu akamadzadina n'kupeza uthenga woti linki yatha ntchito. Choipa kwambiri n'chakuti akaunti yolembetsedwa ndi adiresi ya wina imatsimikizika yokha. Mankhwala ake ndi osavuta: linki izitsegula tsamba lokhala ndi batani lakuti "Tsimikizani", ndipo akaunti izitsimikizika munthu akadina batanilo.

Kwa anthu ogwiritsa ntchito foni, nambala ya manambala 6 imachita bwino kuposa linki. Linki imakonda kutsegukira m'browser ina yosiyana ndi imene munthu analembetsera, iye n'kusokonezeka. Nambala amangoiwerenga n'kubwerera pomwe anali. Koma manambala 6 amangopereka mitundu 1,000,000, yomwe kompyuta ingaiyese yonse mutaisiyira mpata. Choncho nambala ife pakatha mphindi 10 kapena 15, ndipo munthu akalakwitsa kasanu, ifafanizeni apemphe ina.

Batani lotumiziranso uthenga nalonso lifunika malire. Lidikire masekondi 60, komanso likhale ndi chiwerengero chosapitirira pa tsiku, apo ayi wina adzagwiritsa ntchito seva yanu kudzaza bokosi la mdani wake. Wina akalembetsa ndi adiresi imene ilipo kale, musamuuze pa tsambapo kuti ilipo, chifukwa potero mukuulula mamembala anu kwa aliyense wofuna kudziwa. Onetsani uthenga womwewo wakuti "Onani imelo yanu", kenako mwini adiresi mumulembere kuti ali nayo kale akaunti.

Zonsezi n'zachabe ngati uthenga sukufika. Madandaulo ambiri akuti "sindinalandire kalikonse" gwero lake ndi DNS ya domeni yanu, kaundula amene amauza makompyuta ena za domeniyo, momwe mumaikamo zinthu zitatu izi. SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu, DKIM imasainira uthenga, DMARC imauza seva yolandira chochita ziwirizi zikalephera. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna SPF kapena DKIM kwa aliyense woitumizira, ndipo otumiza mauthenga oposa 5,000 pa tsiku imawafuna zitatu zonse. Uthengawo ukhale waufupi, wopanda zotsatsa malonda, nambala ikhale pamwamba penipeni. Pa tsamba lodikirira onetsani adiresi imene munthu walemba ndi malo oikonzera, ndipo mumukumbutse kusuzumira mu spam.

Akaunti yosatsimikizika isaloledwe kulemba kapena kugula chilichonse, ndipo ikatha sabata ili choncho ifafanizeni, kuti mwini adiresi weniweni adzathe kulembetsa. Membala akadzasintha imelo, yambiraninso ndondomeko yonseyi pa adiresi yatsopanoyo, yakale ikhalebe yogwira ntchito mpaka yatsopano itatsimikizika, ndipo ku yakaleyo mutumizeko uthenga womudziwitsa kuti wina wapempha kusintha.