Lamulo la Jacob Wetterling ku America: mafunso ndi mayankho

Jacob Wetterling ndi ndani?

Anali mnyamata wa zaka 11 wa ku St. Joseph, katauni kakumudzi ku Minnesota. Usiku wa pa 22 October 1989 amabwerera kunyumba ndi mng'ono wake ndi mnzake, achokera kugolosale kokabwereka vidiyo, basi kunangotulukira munthu wobisa nkhope ali ndi mfuti, awiriwo anawauza kuti athawe osacheuka, Jacob nkumutenga. Makolo ake anakhala pafupifupi zaka 27 osadziwa komwe ali. Mpaka pano pa 22 October anthu ambiri ku Minnesota amasiya magetsi apakhonde oyaka pomukumbukira.

Nde lamulolo limati chani?

Linasainidwa ndi Pulezidenti Bill Clinton mu 1994. Linalamula steti iliyonse kukhala ndi kaundula wa anthu omwe khoti linawapeza olakwa pa milandu yogwiririra kapena yochitira ana nkhanza. Munthu akatuluka kundende azilembetsa adilesi yake kupolisi kwa zaka 10, akasamuka azinena, omwe aoneka oopsa kwambiri nthawi yake imapitirira. Steti yokana imadulidwa 10 peresenti ya ndalama zina zolimbana ndi umbanda zochokera ku boma lalikulu.

Aliyense amatha kuwona mainawo?

Poyamba zinali za apolisi makamaka. Megan's Law ya 1996 ndi yomwe inalamula kuti anthu azidziwitsidwa, kenako mu 2006 Adam Walsh Act inalowa mmalo mwa lamulo la Jacob. Lero mumangofufuza pa intaneti.

Mayi ake akuti bwanji?

A Patty Wetterling ndi omwe analimenyera nkhondo lamuloli, koma pambuyo pake iwo omwewo anayamba kudandaula kuti zapyola muyeso, makamaka zolemba ana aang'ono mu kaundula. Ine ndikugwirizana nawo, munthu ukamutsekera ntchito ndi nyumba yalendi amangosowa pokhala, apolisi nkuvutikanso kumulondola.

Kaundulayu akanamupulumutsa Jacob?

Ayi ndithu, ndipo apa mpowawa. Amene anamugwiririra ndi kumupha, Danny Heinrich, anali asanamangidwepo pa mlandu wogwiririra nde dzina lake silikanapezeka mu kaundula aliyense. Apolisi anamugwirapo mu 1990 nkumutulutsa poti umboni unali wochepa. Mu 2015 DNA inaonetsa kuti ndi iyeyo anagwiririra mnyamata wina ku Cold Spring, katauni kena ka ku Minnesota, mu 1989 momwemo, koma nthawi yozengera mlandu umenewo inali itadutsa kale, anamumanga chifukwa cha zithunzi zolaula za ana zomwe anazipeza kunyumba kwake. Mu 2016 anavomera zonse nkulozera apolisi pomwe anakwirira Jacob, mmunda wa ziweto kufupi ndi Paynesville. Pa mgwirizano womwe banja la Jacob linavomereza sanazengedwe mlandu wakupha, anamugamula zaka 20 pa mlandu wa zithunzi zija.